Malungo Anandigwetsa M'mapiri a Dzalanyama

Chinayamba ndi mutu. Unayamba kuwawa Lachitatu masana, ndili pa nazale ya fodya ya mlimi wina kufupi ndi Mitundu. Unali mwezi wa Okutobala, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kunja kunkatentha kwambiri, choncho ndinangoti ndi dzuwa. Lachinayi ndinadzuka m'kamwa mukuwawa, msana ndi mawondo zikuphwanya. Ndinagula asipirini pagolosale n'kumwa, thupi linapepukako, ndipo ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse.

Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi, ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ntchito yanga inali ya panjinga, kuyendera alimi mudzi ndi mudzi, ndipo ndinkadzidalira kwambiri pa nkhani ya mphamvu. Chaka chimenecho aphunzitsi angapo a pakoleji ina ya m'dera lathu, pamodzi ndi mnzawo wachizungu amene anaonapo masewera otere kwawo, anakonza mpikisano wa tsiku lathunthu. Unali wa magawo atatu. Poyamba kusambira m'damu la pa esiteti ina kangapo konse, tsidya ndi tsidya. Kenako kupalasa njinga kukafika ku Nathenje, kutembenuka, kudutsanso pa Mitundu mpaka m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama. Pomaliza kusiya njinga n'kuthamanga wapansi, kukwera ndi kutsika mapiriwo kufikira madzulo. Mphoto yake inali matayala awiri a njinga ndi kapu yachitsulo. Si mphotoyo imene inandikoka. Ndinamva wina akunena kuti zimenezi ndi za anthu ophunzira, munthu wakumudzi sangazithe, ndipo ndinakonzekera miyezi itatu kuti ndimutsutse.

Lachisanu, tsiku loti mawa lake ndi mpikisano, ndinayamba kunjenjemera dzuwa lili pamutu. Akazi anga, Nabanda, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu, anandigwira pachipumi.

"Bambo a Tadala, thupili latentha. Pitani kaye akakuyezeni magazi."

Ndinawauza kuti ndipita Lolemba. Chipatala chaching'ono cha pa Mitundu chinali pafupi, ulendo wosakwana theka la ola panjinga. Sindinapite chifukwa ndinkadziwa kuti akandiyeza andiletsa.

Loweruka tinayamba dzuwa litangotuluka. Tinalipo anthu osakwana makumi awiri. Gawo losambira ndimalikumbukira bwino. Madzi ozizira anandithandiza, mutu unaleka kuwawa, ndipo ndinatuluka m'damu ndili pakati pa anthu asanu oyamba. Ndinaganiza kuti matenda athawa. Panjinga ndinayenda bwino mpaka pafupi ndi Nathenje, pamene ndinaona kuti msewu ukuoneka ngati ukupendekeka. Ndinkachigwira chiwongolero mwamphamvu kuti ndisagwe, koma njinga inali kuyenda mowongoka.

Pa Nathenje tinkayenera kumwa madzi pakhonde la sitolo ya a Saidi, mnzanga amene ankagulitsa zipangizo za njinga, ndipo ndi iwo anandikonzera njinga yanga sabata imeneyo. Ndikukumbukira kuti anandipatsa kapu ya madzi. Zina anandiuza pambuyo pake. Akuti ndinawafunsa katatu kuti amene ali patsogolo panga ndi angati, ndipo katatu konse anandiyankha. Akuti anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, masowa asanduka achikasu. Tsikani, khalani pabenchipa." Ine akuti ndinaseka, ndinawathokoza chifukwa cha tiyi, n'kukwera njinga. Tiyi sanandipatse.

Kuchokera pamenepo ndimakumbukira zinthu modukizadukiza. Sindikudziwa mmene ndinadutsira pa Mitundu, ngakhale Nabanda amati anaima m'mbali mwa msewu akundiitana, ndipo ndinawayang'ana ngati mlendo. Ndikukumbukira ndikusiya njinga pansi pa mtengo m'munsi mwa phiri, wina akulemba dzina langa papepala. Ndikukumbukiranso kuti nditakwera pang'ono ndinapatuka kukataya madzi, ndipo mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Sindinachite mantha. Ndinangodabwa kuti ndi wa yani. Thukuta linali litasiya kutuluka, khungu lili gwa, louma.

Njira ya mpikisano anaiika zizindikiro popaka laimu pa miyala ndi pa mitengo. Ndinazitsatira kwa kanthawi, kenako ndinaiwala chifukwa chimene ndinkazitsatirira. M'mutu mwanga munabwera maganizo akuti ndachedwa ku msonkhano wa alimi, ndipo ndinayamba kufunafuna mudzi pakati pa nkhalango. Amene anandipeza anali amayi awiri otola nkhuni, chakumadzulo, kutali ndi njira. Akuti ndinali nditakhala pansi, nsapato imodzi kulibe, ndikuphunzitsa mitengo katalikiridwe ka mizere. Poyamba anathawa, poganiza kuti ndine mlonda wa nkhalango. Atabwerera anaganiza kuti ndaledzera. Mmodzi atandigwira dzanja n'kumva kutentha kwake, anathamanga kukaitana anthu amene anali atayamba kale kundifunafuna.

Galimoto ya okonza mpikisano inanditengera pa Mitundu. Kumeneko anandibaya jakisoni, anandiika dilipi, n'kulemba kalata yonditumiza ku chipatala chachikulu cha mishoni. Nabanda anasiya mwana wathu Tadala kwa mchemwali wawo n'kukwera nane. Zonsezi ndinachita kuuzidwa.

Lamlungu m'mawa dokotala anawaitana Nabanda n'kuwafotokozera. Anati malungo alowa m'mutu. Anati kuthamanga padzuwa malungo ali m'thupi kwaphwanya magazi ndi minofu, ndipo zinyalala zake zatsekereza impso. Nabanda anafunsa ngati ndichira.

"Malungowa tili ndi mankhwala ake," anatero dokotala. "Impsozi ndiye tidikira. Akayamba kukodza bwino, tidzakhala ndi chiyembekezo."

Kuyambira tsiku limenelo moyo wa Nabanda unali woyang'ana botolo. Anandiika kapaipi, mkodzo n'kumatsikira m'botolo pansi pa bedi. M'mawa uliwonse, ikatha nyimbo ndi pemphero la m'wodi, namwino ankabwera kudzayeza, n'kulemba pa pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi. Masiku anayi oyamba munkapezeka timadzi tochepa, takuda. Madzi akumwa ankachita kundiyezera, ndipo odikirira odwala ena ankawaona Nabanda ngati ankhanza pondimana madzi milomo itang'ambika. Kwinini, mankhwala a malungo, ankalowa kudzera m'dilipi. Dokotala ankadutsa cha m'ma naini koloko, kundikweza zikope, kundifunsa dzina langa ndi tsiku. Akuti tsiku lina ndinayankha dzina la bambo anga, tsiku lina ndinatchula mtundu wa feteleza. Akadutsa, odikirira onse ankatuluka kuti m'wodi akolope, n'kupita kukaphika kushedi ya odikirira odwala. Nabanda ankagona pamphasa pansi, ndi pakati pawopo.

Lachiwiri dokotala anati magazi anga achepa kwambiri, pakufunika wopereka. Nabanda sakanatha chifukwa cha pakati, ndipo abale anga anali kutali, uthenga unali usanawafike. Tsiku lomwelo a Saidi anabwera kudzandiona. Atamva, anangopinda malaya n'kufunsa kumene amayezera. Magazi awo anagwirizana ndi anga. Anatseka sitolo tsiku lonse chifukwa cha munthu amene sanawamvere.

Panali vuto lina limene Nabanda sanauze munthu kufikira titabwerera kunyumba. M'masiku amenewo munthu sunkayankhula chilichonse chokhudza boma pagulu. Ine ndinkabwebweta, ndipo wodi inali yodzaza. Nthawi zambiri ndinkayankhula za nazale ndi za mizere. Koma Lachinayi masana, pa nthawi yoona odwala, ndinayamba kunena mokweza za alimi amene ankabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, ndi za mitengo imene boma linkagulira mbewu zawo. Pa bedi loyang'anana ndi langa panali bambo wina amene achinyamata awiri a malaya ofiira, omwe aja oyang'ana makadi, anabwera kudzamuona. Mmodzi anatembenuka. Nabanda anayamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi mokweza kuti aphimbe mawu anga, koma ine ndinakwezanso.

Namwino wina wachikulire, amene ankapereka mankhwala kumapeto kwa wodi, anabwera osathamanga. Anakoka chotchinga kuzungulira bedi langa, n'kunena mokweza kuti wodi yonse imve:

"Awa mutu sukuyenda. Dzulo amanditcha ine ng'ombe ya mlimi, amafuna kundibaya katemera. Musawamvere."

Anthu anaseka, achinyamata aja anasekanso, nkhani n'kuthera pomwepo. Nabanda anadzamufunsa namwinoyo ngati ndinanenadi za ng'ombezo. Iye anangoti, "Mayi, kawapatseni phala." Sabata yonse yotsatira Nabanda ankadzidzimuka akamva nsapato zolemera pakhonde. Palibe amene anabwera.

Mkodzo unayamba kuchuluka Lachisanu. Loweruka unayamba kuyera, ndipo namwino anasintha botolo kawiri. Dokotala anauza Nabanda kuti impso zadzuka. Koma mutu unatsalira m'mbuyo. Ndinazindikira bwinobwino pa tsiku la khumi ndi limodzi, m'mawa. Ndinaona denga loyera, ndinamva m'makutu mukulira ngati muli nyenje, ndipo pambali panga panali mayi wowonda, wa maso olowa, akusenda nthochi. Panapita kanthawi ndisanadziwe kuti ndi akazi anga.

Funso langa loyamba linali lakuti tayala langa la mphoto alisunga kuti. Nabanda anandiyang'ana osamvetsa. Ndinawafotokozera kuti ndinamaliza mpikisano, ndinali wachiwiri, ndinadutsa pa chingwe chomalizira anthu akuomba m'manja, ndipo woyamba anandipatsa tayala limodzi. Iwo anati sindinafike ngakhale theka la phiri loyamba. Ndinakwiya. Ndinafunsa a Saidi atabweranso, ndinafunsa mmodzi wa aphunzitsi aja, onse ananena chimodzimodzi. Dokotala anati zimachitika, ubongo ukadwala umadzaza wokha malo amene asowa. Ndinavomera chifukwa anthu onse sakananama. Komabe mpaka lero chingwe chija ndimachiona bwino, chinali chabuluu, pamene masiku khumi amene ndinakhaladi m'wodi muja sindikumbukirako kalikonse.

Ndinatuluka patatha masabata atatu ndi masiku angapo. Ndinalowa m'nyumba mwanga atandigwira mbali zonse ziwiri. Mwezi woyamba ndinkayenda ndi ndodo, kuchoka pakhonde kukafika pa nkhokwe n'kupuma. Ndinkapita kukayezetsa magazi ndi mkodzo masabata awiri alionse, kenako mwezi uliwonse. Kudikira pabenchi kunkatenga m'mawa wonse, ndipo ndinaphunzira kunyamula chimanga chokazinga m'thumba. Anandiletsa mchere wambiri ndiponso kumwa mankhwala ogula ndekha. Ndinabwerera kuntchito mu Febuluwale, mwezi umene mwana wathu wachiwiri anabadwa. Chimene chinandivuta kwambiri chinali mayina. Alimi amene ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ankandipatsa moni, nkhope ndikuidziwa, dzina osabwera. Ndinkangoti "bambo" kapena "mayi" kwa aliyense, ndikuchita manyazi. Tsiku lina ndinasochera pa njira ya ku Nathenje imene ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinakhala pansi pa mtengo kudikira kuti wina adutse. Zimenezi zinatha pang'onopang'ono, patapita pafupifupi chaka.

Lero ndine wokalamba, ndinapuma pantchito kalekale. Impso zikugwira ntchito, ngakhale amandiyeza kawiri pachaka ndipo ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Khutu lakumanzere limamva pang'ono. Njinga ndimakwerabe, kupita kutchalitchi ndi kumsika, mosathamanga. Masewera sindiwada, ndipo achinyamata othamanga mitunda italiitali ndimawalimbikitsa. Chimene chinandigwetsa ine si phiri. Ndinali ndi masiku atatu athunthu oti ndikayezetse, chipatala chili pafupi, ndipo dokotala anandiuza poyera kuti mapiritsi ochepa akanakwana.

Amene mukuwerenga, thupi likatentha, mutu ukamawawa, pitani akakuyezeni tsiku lomwelo, ngakhale mutakhala ndi mphamvu zotani kapena ntchito yofunika bwanji. Mukaona mnzanu akubwereza funso lomwe mwamuyankha kale, kapena maso ake asintha mtundu, musamufunse maganizo ake, chifukwa pamenepo mutu umene ukanamuuza kuti akudwala ndi umene wadwalawo. Chaka chatha mnansi wanga anayamba kunjenjemera pa nthawi yosankha fodya, n'kumati apita kuchipatala akamaliza mabelo awiri otsala. Sindinakangane naye. Ndinatulutsa njinga, ndinamanga pilo pakaliyala, n'kuima pakhomo pake mpaka anakwera.