Mkazi wa Mfumu Pamzere wa Odandaula

Kusekondale ku Salima aphunzitsi ankatiuza za mafumukazi akale a ku Ulaya amene amuna awo ankawataya ngati chitenje chong'ambika. Anzanga ankadabwa. Ine ndinkangopsa mtima, chifukwa zomwezo zinkawachitikira achemwali anga, amene anakwatiwa ndi mfumu ya dera lathu kufupi ndi Senga Bay.

Alamu angawo pagulu anali munthu wansangala, wokonda kuvina, wopatsa. Pamisonkhano yachitukuko achemwali ankakhala pambali pawo atavala nsalu yofanana ndi malaya awo, akumwetulira. Kunyumba kunali zibakera, makamaka alamu akabwera kuchokera ku Chipoka kwa mkazi wina amene mudzi wonse unkamudziwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi akamenyedwa m'mudzimo ankathawira kwa achemwali. Iwo ankamuthowa mabala n'kumuperekeza kubwalo, kumene alamu ankamudzudzula mwamunayo mpaka anthu kuwomba m'manja. Nanga mkazi wa mfumu akanathawira kwa yani?

Anapita kwa nkhoswe yawo, atsibweni athu. Atsibweni anavala jekete akulumbira kuti lero aona. Atafika kwa alamu anagwada n'kuyamba kufunsa za mvula. Anabwerako atanyamula chambo chowamba. "Pirira mwana wanga," anatero, "usatichititse manyazi." Chambocho anadya okha, opanda ndi manyazi omwe.

Tsiku la milandu achemwali sanakhale pampando wawo. Anakakhala pamchenga, pamzere wa odandaula, diso lotupa osaliphimba. Nthawi yawo itakwana anagwada monga ena onse.

"Zikomo amfumu. Ndabwera kudzadandaula za mwamuna wanga. Amandimenya."

Alamu anaseka pang'ono n'kuyang'ana nduna zawo. Nduna imodzi inakhosomola, niti nkhani za m'nyumba sizibwera pabwalo. Pabwalo pomwe anali atangoweruza kumene za msodzi womenya mkazi! Ndinatukwana mokweza mpaka anthu anandikokera kunja.

Achemwali anabwerera kwathu tsiku lomwelo n'kuyamba geni ya usipa. Patapita masiku kunabwera gulu la amayi a m'mudzi muja. Ndinkayesa abwera kudzawaona diso. Ayi, anabwera kudzawapempha kuti abwerere, ati mfumu yopanda mayi pambali ikunyozetsa mudzi pamaso pa alendo.

Achemwali sanasiye n'komwe kuyala usipa pathandala. "Amene mukuufuna mpandowo pitani mukakhalepo," anatero. "Ine ndatopa nawo."