Chitseko Chosatseka: Filimu ya Pilira wa ku Linthipe

Pilira ali fomu 2, bambo ake a Vinsenti anapita ku Joni kukasaka ganyu. Sanabwererenso, sanaimbenso foni.

Amayi ake, a Anastazia, mutu unawasokonekera. Tsiku lililonse ankaima pamsewu pa Linthipe, kusuzumira m'mabasi ochokera kumwera.

"Simunawaone a Vinsenti? Aatali, ali ndi chipsera apa."

Anthu ankaseka. Pilira ankamva zonsezo atakhala pa mulu wa kabichi amene ankagulitsa, poti sukulu anali atasiya. Iyenso basi ikaima, ankadzutsa mutu kuyang'ana otsika.

Pa parishi ya Kabwazi panali gulu la achinyamata ochita zisudzo. Pilira analowa nawo, nayamba kujambula masewero awo ndi foni ya mnzake. Zithunzi zinkagwedera, mawu osamveka, koma sanaleke. Kenako anawauza kuti, "Ndili ndi nkhani. Si yoseketsa ayi."

Filimuyo anaitcha Chitseko Chosatseka. Ndi ya mayi amene satseka chitseko podikira mwamuna wake. Tsiku lina kukubwera bambo wina, akuti ndine mwamuna wako. Mudzi wonse ukuvomera, apongozi omwe, koma mayiyo akukana: "Si ameneyu." Kodi wapenga ndi mayiyo, kapena akumupangira chiwembu? Woonera amakhala kakasi mpaka kumapeto.

Ataionetsa ku Lilongwe, ambiri anatuluka isanathe. Wolemba nyuzipepala wina anati filimuyo ndi yochedwa, ndipo mphepo ya ku Dedza ikumveka kuposa anthu.

Pilira analira. Atatha kulira anawerenganso, naona kuti pa za mphepo munthuyo sananame. Anaitananso anzake, najambulanso mawu onse m'kachipinda kotchinga ndi mabulangete. Koma kuchedwako sanakuchotse.

"Kudikira sikuthamanga," anatero.

Ulendo wachiwiri zinasintha. Wothirira ndemanga pa wailesi anati aka n'koyamba kuchita mantha ndi filimu yopanda mfiti kapena mfuti. Ena mpaka lero amadandaula kuti mathero ake sayankha funso. Koma amayi amene amuna awo anatchona ankadzaza maholo, ena kumugwira dzanja Pilira. Lero Pilira amaitanidwa kukaphunzitsa achinyamata kujambula.

A Anastazia, amene tsopano amalandira mankhwala kuchipatala, anaionera filimuyo masana ena kunyumba. Pilira ankangoyang'ana nkhope yawo, ali ndi mantha. Itatha, a Anastazia anatembenukira kwa Pilira.

"Mayi ameneyu watopa," anatero. "Ukamuuze apumule."

"Ndikamuuza, amayi."

A Vinsenti sanabwerebe, ndipo Pilira amawasowa mpaka pano. Si bala lililonse limene limapola. Koma inu amene muli ndi lanu, amene anakusekani kapena kukunyozani pa ntchito yanu yoyamba, tolanipo choona, konzani, muyesenso. Musataye mtima.