Chimakina Chimene Sichinatuluke Pakhomo

Ndikangomva fungo la thabwa la mukwa lopala kumene, mtima umabwerera ku Kafue, m'nyengo yozizira imene atate anagula makina opalira matabwa. Ufulu unali udakali wachilendo, mafakitale akumangidwa, ndipo m'mawa uliwonse msewu unkadzaza ndi njinga za anthu ovala maovolosi. Atate anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito pa fakitale ina, nakwatira amayi, mwana wa asodzi a ku Chanyanya. Tinkakhala m'nyumba ya kampani ku Estates, ine ndi ang'ono anga awiri.

Ukalipentala sunali ntchito yawo, kunali kukonda chabe. Loweruka masana ankapita kuseri kwa msika, pa poloti ya amalume a Mweemba, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza mainjini a mabwato ndipo anali ndi magetsi. Pamenepo atate anali ndi kamthunzi ka malata, puleni ya pamanja ndi masowo. Ankapanga timipando n'kumangopatsa anthu, amayi akuwiringula kuti dzanja lawo ndi lobooka.

Kuzizira kutangoyamba, a Sakala oyandikana nafe anamwalira. Maliro atatha, abale awo anabwera ndi lole. Anatulutsa bedi, wailesi, mapoto, mabulangete, ngakhale makatani a pawindo. Mkazi wawo, amake Loveness, anatsala atakhala pa simenti, ana atamuzungulira, m'nyumba mukumveka mawu ngati m'tchalitchi mopanda anthu. Atate anaimirira pa mpanda kuonerera zonsezo. Anali atayamba kale kutsokomola, ndipo akatsokomolera m'kampango ankakapinda msanga kuti tisaone. Tsiku limenelo amayi akutsuka mbale ananena osatembenuka, "Mailo ni ine." Ankatanthauza kuti mawa zidzawagwera iwonso.

Posakhalitsa tinamva kuti mzungu wina amene anadzamanga nawo fakitale akubwerera kwawo, ndipo akugulitsa za m'galaja mwake. Atate anatenga amayi ndi ine. M'galajamo munali makina awiri a ntchito imodzi: pamwamba amawongola thabwa lopindika, ukalilowetsa kunsi amalipala kuti linenepe mofanana kuyambira uku mpaka uko. Ena anali atsopano, obiriwira, a timatayala, okongola moti ndinawakonda nthawi yomweyo. Enawo anali chichitsulo chakuda chakalekale, chonunkha girisi, chokhala pakona ngati mvuu yakufa.

Atate sanapupulume. Anagoneka lula yachitsulo pa matebulo a makina onse awiri n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa kunsi. Anagwedeza chitsulo chotsamirapo thabwa, nayang'ana chophimba mipeni. Kenako anauza amayi kuti akankhe thabwa pa chichitsulo chija chili chozimitsa, kuti aone ngati msinkhu wake ukuwakwana. Amayi anachita manyazi, koma anakankha. Pomaliza atate anagwira makina obiriwira aja, nawatukula mbali imodzi ndi dzanja limodzi.

"Aya bantu babili banganyamule," anatero.

Mzungu uja atamasuliridwa anamwetulira, poganiza kuti akuwayamikira. Koma atate anapukusa mutu, naloza chichitsulo chija. Ine ndinakwiya njira yonse, ndipo ndinayenda kumbuyo ndikukankha miyala.

Kuchisamutsa inali nkhondo. Anabwera anzawo a kunjanji ndi matcheni, nachigudubuza pa mapaipi mpaka pa ngolo ya thirakitala. Pa poloti ya amalume atate anali atakumba kale dzenje. Anathiramo konkire yochuluka ngati akumanga mlatho, namiza mabauti a miyendo yake m'menemo, n'kuwawotcherera pamwamba. Zitauma anayamba kumanga khoma la njerwa kuchizungulira. Ankanyamula njerwa okha, m'mphepo yobaya ya kumtsinje ija, akapuma pang'ono n'kugwira pachifuwa. Amayi anawadandaulira kuti adikire kutenthe, koma iwo ankangoti palibe nthawi.

Khoma litatha, anthu a kumsika anafa ndi phwete. Khomo linali lopapatiza, lokwana munthu mmodzi ndi thabwa basi, pomwe makinawo anali otambalala kuposa khomolo kutalitali. "Ba Phiri, mwaipimila shani door iyi?" anafunsa wowotcherera wina, podabwa mmene analiyezera khomolo. "Tsiku yochosa machine muzachita bwanji?" Atate anangoseka nawo mpaka chifuwa chinawadula. Kusukulu anzanga ankanditcha mwana wa kalipentala wosadziwa kuyeza. Zinkandiwawa, ndipo ndivomere kuti ndinkachita nawo manyazi atate anga.

Makinawo akayaka, pansi pankanjenjemera mpaka m'mano, utuchi wofiira n'kumakhala pa nsidze. Chodabwitsa n'chakuti atate, atawavutikira chotere, sanawagwiritse ntchito kwenikweni. Ankakhala pa kampando pakhomo atafunda jekete, n'kumauza amayi zochita: manja akhale kutali ndi mipeni, chitenje amange cholimba, thabwa aliyang'ane kaye kumene lapindikira, asapale kwambiri ulendo umodzi. Amayi akalakwitsa ankawakalipira, chinthu chimene kunyumba sankachita. Tsiku lina amayi anataya thabwa pansi nalira, atate n'kudikira mpaka atatonthola, kenako anati, "Tolani, tiyambe futi."

Anamwalira mphepo ya fumbi itangoyamba kuwomba. Matabwa a bokosi lawo anapalidwa pa makina omwewo, ndipo anawapala ndi amayi, amalume atagwirira kunsonga.

Kumanda titabwerako, a Yotamu, akulu awo a atate, anafika ndi lole yochokera kum'mawa. Zinayenda ndendende monga kwa a Sakala. Mipando imene atate anapanga ndi manja awo inakwezedwa miyendo ili m'mwamba. Anatenga bedi, njinga, mbale zapaukwati, ndi bulangete limene ine ndinkafunda. Amayi anakhala pansi atatsamira khoma osanena kanthu, pakuti mkazi wamasiye akayankha ankamuti ndiye wapha mwamuna. Nyumbayo nayo tinkadziwa kuti kampani iitenga.

Kenako a Yotamu anati, "Manje machine ija tinamvela ili kuti?"

Tonse tinawatsatira kumsika. Analowa ndi anyamata awo mmodzimmodzi pa khomo lija. Tinamva akubuula, akumenya ndi nyundo, akuika mgwala kunsi, koma chichitsulo chija sichinasunthe ngakhale pang'ono. A Yotamu anatuluka thukuta lili kamukamu, nayang'ana khomo, nayang'ananso m'kati, n'kunena kuti agwetsa khoma. Apo amalume anapukuta manja ndi chiguduli nati, "Vakatundu va mufana wanu tengani. Koma chipupa ichi chili pa plot yanga." Anthu a kumsika anali atasonkhana, ndipo panalibe amene ankaseka. A Yotamu analavula pansi, natola puleni ya pamanja ndi masowo, lole n'kunyamuka.

Tinasamukira m'kachipinda kamodzi ku komboni, tikugona pa masaka. Koma tauni inali ikumangabe, ndipo akalipentala anayamba kubweretsa matabwa pa njinga kuti amayi awapalire. Tinadya za makina amenewo, ndipo sukulu ndinamaliza nawo.

Pa ubwana wanga ndinkaona kuti atate anasankha makina oipa, nalakwitsanso khomo, n'kudzipha ndi njerwa pa chinthu chimene sanakondwere nacho n'komwe. Ndinali wamkulu kale, ndili ndi ana anga, pamene amalume anandiuza kuti khomo lija atate analiyeza ndi lula kangapo, ndipo womanga wina atawalangiza kuti alikulitse, iwo analichepetsanso. Amayi anapala matabwa m'menemo mpaka maso atafooka, ndipo nthawi zonse ankalowa chammbali.