Guluu wa pa Sitika ya Manja Awiri

Mawu oyamba a Chingerezi ndinawawerenga pa thumba la ufa. Chaka cha njala, matumba ankabwera ndi chithunzi cha manja awiri akugwirana chanza, m'munsi atalemba kuti ndi mphatso yochokera kwa anthu a dziko lakutilakuti. Amayi anasoka thumba limodzi n'kukhala chikwama changa cha kusukulu. Ndiye manja amenewo ndinakula ndikuwakhulupirira, sindingabise.

Ndinadzawaonanso ndili ndi imvi, ku Kewdale, dera la mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, m'depoti momwe ntchito yanga ndi kumata masitika pa katundu wopita kunja. Anali pa mabokosi asanu ndi limodzi a matabwa. M'katimo munali makina osefa magazi a odwala impso, mphatso ya dziko lina lalikulu kupita ku kachilumba ka m'nyanja ya kumadzulo kwa Perth. Makinawo anagulidwa ku Perth konkuno, ankangodikira kontena.

Amene anawatsitsa m'lole ndi mnzanga woyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, mbadwa ya pachilumba pomwepo. Bambo wamkulu, wa mawu ochepa. Tikaweruka tinkakwera limodzi basi kenako sitima ya ku Armadale, ine ndikubwebweta, iye akungogwedeza mutu. Ndinamuphunzitsa liwu limodzi lokha la Chichewa, achimwene, ndipo analigwira zolimba moti ngakhale akapitawo athu, mayi wachizungu, ankadziwa kuti achimwene ndine.

Mkazi wake anatsala kwawo, impso zitafooka. Pachilumba ponse makina anali amodzi, okalamba, lero agwira mawa afa. Tsono chipatala cha ku dziko lina la kumtunda chinali chitavomera kumulandira, koma kunali kusiya nyumba ndi zidzukulu n'kukakhala pakati pa anthu osamva chiyankhulo chako, mwina mpaka imfa. Ankafunika kuyankha mwezi usanathe.

Tsiku lina m'sitima mnzangayo anandifunsa: "Achimwene, inu zinthu za mphatsozi mumazidziwa. Zimafika?"

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinadziguguda pachifuwa. Ndinati anthu amenewa angakhale ndi zina zonse, koma akamata manja awo pa katundu sabweza. Ndinamuuza za thumba lija, kuti ndili moyo lero chifukwa cha ufa umenewo. Titadutsa masiteshoni awiri, anaimba foni kwawo. Mkazi wake anawayankha a chipatala aja kuti zikomo, malowo apatse wina, iye adikira makina kwawo.

Sabata yotsatira kunabwera akazembe a mayiko onse awiri kudzajambulitsa. Tinasesa depoti ngati kukubwera apongozi. Wa dziko lalikulu uja anati mayiko awiriwa ndi banja limodzi, wa pachilumba n'kumamwetulira atagwira manja kumbuyo. Wa dziko lalikuluyo atamva kuti woyendetsa fokolifiti ndi wa komweko, anamukokera kutsogolo, n'kumukoleka dzanja paphewa. Asanakhome bokosi lomwe anatsegula poonetsa alendowo, mnzangayo anatenga cholembera changa n'kulemba m'kati mwa chivindikiro, m'chiyankhulo chawo. Nditamufunsa anati walembera mkazi wake kuti, "Ndanyamula ndine, sindinagwetse."

Nkhani ya doko tinaimva pa wailesi ya m'chipinda chodyera. Dziko lalikulu lija linkafuna malo pachilumbapo oti sitima zake zankhondo zizikocheza, ndipo aphungu a kumeneko anakana. Mnzangayo mpaka ananyadira, ati doko limenelo ndi pomwe bambo ake ankakokera ukonde. Ine ndinamulimbitsanso mtima kuti za doko ndi za andale, za impso ndi za chipatala, sizikumana. Kupusa kwanga.

Pepala loyamba linati mabokosi adikire kaye. Anadikira milungu itatu pakona, fumbi likugwera. Pepala lachiwiri akapitawo anandipatsa osandiyang'ana kumaso. Linati chifukwa cha kusintha kwa ndondomeko, katunduyo apite ku chilumba china. Chilumba chimenecho, tonse tinkadziwa, chinali chitavomera doko. Pamodzi ndi pepalalo panali envelopu ya masitika atsopano.

Ndinatenga chopalira changa ndikuyembekeza kulimbana ndi sitika yonse. Apa ndi pomwe ndinapsa mtima kwenikweni, chifukwa ine guluu ndimamudziwa, ndi ntchito yanga. Sitikayo inali ya zigawo ziwiri. Chigawo cha manja aja ndi dzina la wopereka anachimata ndi guluu wolimba, woti mvula ndi mchere wa m'nyanja sizingamuthe. Dzina la wolandira linali pa kachidutswa kapadera m'munsi, ka guluu wofewa ngati wa mitengo ya m'shopu. Ndinangokodola ndi chikhadabo, kanachoka osasiya ndi banga lomwe. Sikuti anasintha maganizo mwadzidzidzi ayi. Wopanga sitikayo anauzidwa kuyambira pachiyambi kuti dzinalo lizitha kuchoka.

Ndinamatula tizidutswa tonse tisanu ndi kamodzi m'mphindi zosakwana ziwiri. Nditatembenuka, mnzangayo anali ataima kumbuyo kwanga, injini ya fokolifiti atazimitsa. Akapitawo anati apume, wina akweza mabokosiwo. Anakana. Anati enawa amayendetsa mwaphuma, athyola makina. Anakweza yekha limodzilimodzi, pang'onopang'ono, la mawu ake lija pomalizira. Potsika anayang'ana sitika yatsopano yomwe ndinamata mopendekeka, n'kuiwongola ndi chala.

"Matani bwino," anatero. "Kumenekonso kuli mkazi wa munthu."

Sananene kuti achimwene. Sanadzanenenso.

Anaimbira chipatala cha kumtunda chija, anamuuza kuti malo anapatsa wina, alembetsenso kumapeto kwa mndandanda. Patapita miyezi iwiri anasiya ntchito n'kubwerera kwawo. Uthenga wa maliro a mkazi wake unafika kwa akapitawo, osati kwa ine, ndipo ndinaumva pa msonkhano wa m'mawa pakati pa nkhani ya zipewa ndi ya malo oimika magalimoto.

Ndimawakwiyira anthu a manja aja mpaka lero, ndipo ndimadzikwiyira ndekha chifukwa ndinawaikira umboni popanda wondituma. Tizidutswa tija sindinataye, tili m'kabati ya kuntchito. Masiku apitawa ndinaimbira mlongo wanga ku Lilongwe, yemwe amakumbukira zinthu kuposa ine, kumufunsa za chikwama changa chija, ngati dzina la dziko lathu linalembedwapo. Anaseka kaye, kenako anaganiza. Anati manja akuwakumbukira, dzina la eni ufa akulikumbukira, koma lathu panalibe.