Nsalu Yoyera ya Pabedi

Masana ano, kunyumba yosamalira okalamba ku Braunstone, kuno kutsidya kwa nyanja, komwe ndimagwira ntchito, pa TV panali filimu yakalekale. Oimba malipenga anasochera n'kulowa m'nyumba ya mizukwa. Mzukwa utatulukira, wantchito wachikuda anatong'ola maso n'kuliyatsa liwiro. Agogo achizungu anafa nacho chiseko. Ine ndinangoima ndi thireyi m'manja, mtima uli ku Thyolo.

Bambo anga ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wa pa esiteti ya tiyi. Pa Khirisimasi bwanayo ankaitana anzake n'kuika mbale ya nyimbo za malipenga ngati a mufilimuyi pa galamafoni. Kenako mwana wake, Peter, ankafunda nsalu yoyera ya pabedi n'kutulukira kuseri kwa chitseko. Bambo ankakuwa kuti "Mayo ine!", kutaya thireyi, n'kuthawira kukhitchini mawondo akuombana. Alendo ankaseka mpaka misozi. Chaka ndi chaka zinali zomwezo.

Ine ndinkasuzumira pampanda, manyazi atandigwira, poti nsapato za mwanayo zinkaonekera pansi pa nsalu.

"Ababa, ndi Peter ujatu," ndinawauza. "Munthu wamkulu kuopa nsalu?"

"Mizukwa iliko, mwanawe," anatero, akundipatsira keke yotsala.

Mpaka anamwalira ndikuwayesa amantha.

Lero gogo wina anandikoka yunifolomu, kundifunsa m'Chingerezi chifukwa chake sindikuseka. Viza yanga yogwirira ntchito m'dziko muno ili m'manja mwa eni nyumbayi, ndiye ndinaseka mokweza. Ndi pamene ndinakumbukira kuti amene ankachapa ndi kusita nsalu ija anali bambo omwewo.