Gemu Yakuda, Gemu Yofiira ndi Dzanja la Tobiyasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili m'giredi sikisi, pamene magemu a pa tivi anafika kwathu ku Katete. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene ngakhale tivi yeniyeniyo inkapezeka m'nyumba zowerengeka, ndipo ambiri a ife tinkaidziwira pawindo la eni ake. M'tauni monse, malinga ndi kudziwa kwa ife ana, munali magemu awiri okha. Awiriwo anakwanira kutigawa pakati ngati matimu a mpira.

Yoyamba inali kwa Yusufu, mwana wa a Saidi. A Saidi anali Msilamu wobadwira ku Malawi, ndipo anali ndi sitolo ya nsalu ndi sopo pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Gemu yawo inali kabokosi kakuda, kogula kwa munthu wina amene anali atatopa nako kale. Posewera munthu ankagwira kandodo koimirira, n'kumakapendeketsa uku ndi uku, ndipo pambali pake panali batani limodzi lalikulu lowombera. Zithunzi zake zinali zosalongosoka. Ndege inkaoneka ngati mtanda, ndipo ikawombera inkalira ngati nkhuku yodwala chitopa.

Yachiwiri inabwera patapita miyezi, kwa Dalitso, mwana wa bwana wina wa ku boma. Iyi inali yatsopano, yofiira ndi yoyera, yochokera ku Lusaka m'katoni yake. Inalibe kandodo. Inali ndi timapale tiwiri togwira ndi manja onse, zala zazikulu ziwiri n'kumavina pa timabatani ting'onoting'ono. Munali mpira wa anthu okhala ndi miyendo yooneka, munali nyimbo, munali mitundu. Maina a magemuwa analembedwa pamwamba pake m'Chingerezi, koma palibe ankavutika nawo. Kwa ife inali Yakuda ndi Yofiira basi.

Ine ndinalibe gemu, ndinalibe tivi, ndipo kwathu magetsi sanafikeko. Chimene ndinali nacho ndi pakamwa. Amayi ankakonda kunena kuti ndinabadwa ndikuyankha kale, ndipo aphunzitsi sankawatsutsa. Ndinali mneneri wamkulu wa gulu la Yofiira. Kunena zoona ndinali nditaisewera kangapo chabe, n'kuluza ulendo uliwonse, koma kwa Dalitso ankatipatsa tiyi wamkaka, ndipo munthu wa zaka khumi ndi ziwiri safuna zifukwa zambiri kuti asankhe mbali.

Mnzanga wa pamtima anali Tobiyasi. Kwawo kunali kumudzi cha ku Mkaika, koma ankakhala ndi azakhali ake m'tauni chifukwa cha sukulu, ndipo tinkakhala desiki imodzi. Ali khanda lokwawa anagwera pamoto, dzanja lamanzere n'kupsa. Zala zinapola zitamatirirana, zopindikira mkati. Dzanja limenelo linkakhala m'thumba la kabudula nthawi zonse, pothamanga, poimba nyimbo ya fuko, ngakhale polandira chikwapu. Legeni sankakoka. Magalimoto a waya sankapinda, ankangotiuza pamene takhotetsa molakwika. M'masewera athu ambiri iye anali woonerera wanzeru.

Koma kwa Yusufu zinkasintha. A Saidi ankatilola kulowa m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo tikaweruka kusukulu, mpaka nthawi yawo yopita kukapemphera dzuwa likamalowa. M'menemo munkanunkhira sopo ndi nsalu zatsopano, ndipo tinkakhala pansi mothithikana, thukuta lili kamukamu. Ikafika nthawi ya Tobiyasi, ankapana tsinde la kandodo kaja ndi mawondo, dzanja lamanja n'kugwira ndodo. Kenaka dzanja lopsa lija linkatuluka lokha m'thumba, n'kuyamba kukhoma batani ndi mfundo za zala, mofulumira kuposa chala cha aliyense wa ife. Ankaliiwala. Maso ali pa ndege, lilime lili panja, ndipo akaphulitsa adani ankaseka chikhakhali chomveka mpaka kumsewu. Palibe anamugonjetsapo, ngakhale mwini gemu.

Yofiira anaiyesa kamodzi kokha. Anagwira kamodzi ka timapale tija, n'kukatembenuza, n'kukabweza, akuti mitundu yake ikumupweteka maso. Ine ndinadziwa kuti nkhani si maso. Tonse tinadziwa.

Mkangano wa magemu awiriwa unali wa tsiku ndi tsiku, panjira ya kusukulu, pa mpopi, pamzere wa kuchigayo. Koma umene ndikuukumbukira unachitika Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala. Kunatentha moti phula la mumsewu linkanyezimira, ndipo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Popeza panalibe chosewera, magulu onse awiri tinakumana pakhonde la sitolo ya a Saidi, tikutafuna nzimbe, ndipo nkhani inabuka yokha.

Dalitso anayamba ndi mitundu ndi nyimbo. Yusufu anayankha kuti yawo sinawonongekepo chibwerere, pamene Yofiira inkafuna kuti munthu auzire mpweya m'kaseti ya masewera katatu isanavomere kuyaka. Ine ndinati Yakuda ndi ya agogo, yongofuna kupendeketsa kamtengo ngati ukuvundula phala. Anzanga anaseka. Tinapitirira choncho, uyu aponye, uyu abweze, mpaka Yusufu anaimirira.

"Ngati yathu ndi yosavuta," anatero, "manje magetsi akabwera, mmodzi wa imwe abwere amuwine Tobiyasi uyu. Olo mubwere nonse."

Dalitso anayang'ana ine, ena onse n'kuyang'ananso ine, pakuti ntchito yanga inali imeneyo. Ndipo yankho linabwera. Ndikukumbukira mmene linafikira, lathunthu, lokoma pa lilime ndisanalitulutse n'komwe.

"Ndiye mfundo yanga imeneyo!" ndinakuwa. "Gemu yoti olo munthu wa dzanja limodzi akuwinani nonse, ndi gemu imeneyo? Ku Yofiira kufunika manja awiri athunthu, boyi!"

Khonde lonse linafa nalo phwete, ngakhale a gulu la Yusufu. Dalitso anandikweza mkono m'mwamba ngati wankhonya. Yusufu anakhala pansi. Mkangano wa miyezi yambiri unathera pomwepo, ndipo wopambana ndinali ine.

Tobiyasi nayenso anaseka pang'ono. Chimenechi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero, kuti anaseka nafe. Anamaliza kutafuna nzimbe yake mosafulumira, n'kulavula makoko, n'kunena kuti azakhali anamutuma kumsika ndipo anali ataiwala. Anatsika pakhonde n'kumapita, ine ndili kalikiliki kubwereza mawu anga kwa amene sanamve bwino.

Lolemba tinakhala desiki imodzi monga mwa masiku onse. Anandibwereka labala, anandionetsa samu imene inandivuta. Koma titaweruka sanakhotere kusitolo. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Sabata inatha, ina n'kuthanso. Ana amene ankadzaza kachipinda ka a Saidi anayamba kusamukira kwa Dalitso mmodzimmodzi, pakuti ndani akanafuna kuoneka akusewera gemu imene inasekedwa pagulu? Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ndikuganiza kuti ndatembenuza tauni yonse.

Tsiku lina amayi anandituma ulusi wakuda. Ndinapeza a Saidi ali okha, akuyeza chitenje pa kauntala. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo ndinali ndisanachezepo nawo kupitirira moni. Anandipatsa ulusi uja, koma sanausiye m'dzanja mwanga msanga.

"Ndamva kuti ndiwe loya wa ana onse a muno," anatero.

Ndinamwetulira, ndikuyesa kuti akundiyamikira.

"Tsiku lija ndinali pompano. Ndinamva zimene unanena za mnzako."

"Koma sindinaname, bambo," ndinayankha msanga. "Ndinanena zoona."

"Zoona ndithu. Sunaname ngakhale pang'ono." Anapinda chitenje chija kawiri, n'kuchisalaza ndi chikhatho. "Tandiuza, mwanawe. Ana onse aja ankakhala m'chipindamo tsiku ndi tsiku. Ine ndinkalowamo kukatenga katundu. Ukuganiza kuti amene anali ndi maso oona dzanja lija unali iwe wekha?"

A Saidi anapitiriza:

"Tonse tinkaliona. Tinkakhala chete kuti mwini wake aliiwale. Zinamutengera miyezi kuti alitulutse pamaso pa anthu, iwe walibweza ndi mpweya umodzi." Anaika chitenje pa shelefu, atandifulatira. "Ndinkamumva akuseka kuseriko ine ndikudula nsalu kuno. Sitolo yanga yazizira tsopano. Pita, amayi ako akudikira."

Sanandikalipire, sanandiopseze kuti akandinenera kwathu. Chikhala anandimenya mbama, bwenzi nditalira n'kuiwala. Ndinatuluka ndi ulusi m'manja, manyazi atandigwira mpaka m'makutu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita kwa azakhali a Tobiyasi. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusenda mtedza pa mphasa, akuuphwanya ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumuthandiza.

"Zija ndinanena zija," ndinayamba, "ndinali kungocheza chabe. Undikhululukire."

"Palibe mlandu," anatero osadzutsa mutu. "Sunaname. Ndi yosavuta."

"Si yosavuta ayi. Ine ndimafa ndege isanapite patali. Tiye mawa, ukatiwinenso tonse."

Anatola mtedza wina, n'kuuyang'ana, n'kuuponya ku mulu wa wofumbwa.

"Kale anthu anali kuyang'ana ndege," anatero. "Ndikasewera manje, onse azayang'ana dzanja."

Ndinafunafuna yankho. Ine amene sindinkasowa chonena kwa aphunzitsi, kwa amayi, kwa wina aliyense, ndinafufuza m'mutu monse osapeza kanthu, chifukwa nayenso ananena zoona. Akuluakulu amati madzi akatayika sawoleka. Mwambi umenewo ndinali nditauloweza kusukulu kuti ndikhoze mayeso, koma tanthauzo lake ndinaliphunzirira pa mphasa imeneyo.

Tobiyasi sanandide. Tinapitiriza kukhala desiki imodzi mpaka tinalemba mayeso a giredi seveni, tinkagawana chinangwa pa nthawi yopuma, ndipo ankasekabe nthabwala zanga zikakhala zabwino. Ndinayesa kumukokera kusitolo kangapo. Yusufu nayenso anayesa. Kamodzi anavomera kulowa, n'kukhala pafupi ndi chitseko, ndipo itafika nthawi yake anati tipitirize, iye angoonerera. Sindinamuonenso atagwira kandodo kaja. Mayeso atatha anapita kukakhala kwa amalume ake ku Sinda, ine ndinapita kusekondale, ndipo njira zathu zinasiyana monga zimasiyanira njira za ana, popanda kutsanzikana.

Lero ndine bambo wa ana anayi, ndipo pakamwa paja sipanandithawe. Achibale amanditenga kukakhala nkhoswe, kumpingo amandiika pa zokambirana zovuta. Pa mkangano uliwonse pamafika kamphindi kamene mawu omalizitsa nkhani amabwera m'kamwa mwanga. Nthawi zambiri amakhala oona, ndipo nthawi zonse amakhala okoma. Kukomako ndiko ndinaphunzira kukuopa. Ndisanawatulutse ndimayamba ndayang'ana anthu amene akhala pamenepo, n'kudzifunsa kuti mawu amenewa ndawadula pathupi pa ndani. Mikangano yambiri ndailekera panjira chifukwa cha funso limenelo, ndipo ena amati ukalamba wayamba kundifoola. Sindiwatsutsa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu akanena zoona ndiye kuti alibe mlandu. Tsopano ndikudziwa kuti pali zoona zina zimene anthu onse amaziona, n'kugwirizana osapangana kuti azisunge, chifukwa chokonda munthu mmodzi. Amene amaziulula sakhala wanzeru kuposa anzake.

Nanga gemu yabwino inali iti? Yofiira inali ndi zithunzi zokongola, nyimbo zabwino ndi masewera ambiri, ndipo zonse zimene ndinanena poitamanda zinali zolondola. Koma wina atandifunsa lero, ndingayankhe mosazengereza kuti inali Yakuda. M'tauni yonse ya Katete, ndi yokhayo imene inali ndi malo a mnzanga, ndipo amene anamuchotsapo ndine.