Hatchi imene ndinaiika polakwika

Ndinali ndi zaka khumi pamene thabwa la chesi linabwera kudzakhala m'nyumba mwathu ku Makokoba, komboni ya m'tauni kudziko la eni, nkhondo yaikulu ili mkati. Bambo ankagwira ntchito ku njanji. Iwo ndi anzawo asanu a ku Nyasaland anali ndi kalabu yawo, ndipo wowaphunzitsa masewerawo anali a Saidi, amene ankaperekera zakudya pa hotela ina m'tauni. A Saidi omwewo ndiwo analembera katswiri wina wa ku Kepi, amene ankamutcha masitala, kumupempha kuti asewere nawo pa positi. Anavomera, koma anachenjeza kuti akaona zachibwana asiya pomwepo.

Masewera ake anali otopetsa, inu! Khadi la masitala lonena mmene wasunthira lifike, azibambo akumane Lamulungu masana, akangane mpaka tiyi kuzizira, kenaka asunthe kachidole kamodzi basi n'kulemba yankho. Ndiye kudikiranso milungu iwiri. Thabwalo linkakhala pamwamba pa sutikesi, ndipo lamulo la bambo linali limodzi: osalikhudza, ngakhale kulipukuta.

Koma fumbi la malasha linkandinyansa. Loweruka lina, mayi atapita kukachapa, ndinatenga kansanza kuti ndingopukuta m'mphepete. Chigongono chinagunda, tizidole titatu gwede pansi. Tiwiri ndinkakumbukira malo ake. Chovuta chinali kachitatu, ka hatchi. Fumbi likanandionetsa pamene inali, koma ine wanzerune ndinali nditalipukuta kale. Ndinaiika pamene mtima unandiuza, n'kutseka pakamwa.

Mawa lake azibambo atasuntha kachidole ka masitala monga khadi latsopano linanenera, nyumba inadzaza phokoso. Anaona kuti hatchi ija ikangodumpha kamodzi iopseza mfumu ndi mfumukazi ya masitala nthawi imodzi. A Saidi okha ndiwo sanaseke, anatembenukira kwa bambo.

"A Phiri, kodi hatchiyi inalidi pamenepa?"

"Achimwene," anayankha bambo akudziguguda pachifuwa, "m'nyumba mwanga muno palibe amene amakhudza thabwali. Ndi ntchentche yomwe imadziwa."

Analemba khadi, n'kundipatsa ine ndemwe kuti ndithamange nalo lisaphonye sitima. Lamulo lawo ndinkalidziwa: cholowa m'bokosi la positi sichibwezedwa. Masitala akanaona hatchi ikudumpha kuchokera pamene sinali, akanati anthuwa ndi akuba kapena mbuli, ndipo masewera a miyezi isanu ndi itatu akanathera pomwepo, mlandu uli pa bambo.

Ndinafika pa bokosi lofiira lija. Chitsulo chinali chotentha ndi dzuwa. Khadi ndinalilowetsa theka, zala n'kukana kulisiya. Ndinaima pamenepo mpaka mayi wina wodikira pambuyo panga anandikalipira m'Chindebele kuti ndichoke. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, khadi lili m'manja.

"Ababa, hatchi ija ndinaigwetsa ndine."

Mayi ali pakhomo anagwira pakamwa atafuula m'Chindebele kuti, "Maye babo!" Ine ndinali nditaonera kale lamba amene anali pa msomali.

A Saidi anatulutsa chitini cha mabisiketi m'mene ankasungamo makhadi onse a masitala ndi pepala la mayankho awo. Anafola tizidole ngati poyamba, n'kuyamba kubwereza masewera onse, wina akuwerenga, wina akusuntha. Ine ndinkangowerenga malata a denga. Pomaliza hatchi inakaima pa kanyumba ka pathabwa koyandikana ndi kamene ndinaiikapo. Kuchokera pamenepo, kudumpha kumene anakondwera nako kuja kunali kosatheka.

"Eee! Tikanachita manyazi mpaka ku Kepi," anatero a Saidi akupukuta thukuta, kenaka anaphulika kuseka, ena onse n'kutsatira. Mtima wanga unatsika pansi, ndinangokhala phwata pa simenti.

Bambo sanaseke. Anavula chipewa n'kuuza anzawo kuti, "Ndinadziguguda pa chinthu chimene sindinachione. Mundikhululukire." Ndinali ndisanaonepo bambo akupepesa pagulu. Lamba sanamugwire. Chilango changa chinali kujambula thabwalo m'kope Lamulungu lililonse, kachidole kalikonse pamalo pake, mpaka masewera atatha. Anatha patapita chaka, ndipo masitala anapambana, koma pa khadi lomaliza analemba kuti tiyambenso ena.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti wolimba mtima tsiku lija ndinali ine. Lero ndakalamba ndimaona kuti ine ndinangoopa bokosi la positi kuposa lamba. Chovuta anachichita bambo, munthu wamkulu kumeza mawu ake pamaso pa anzake ndi pa mwana wake wamkazi. Khadi lija anandipatsa kuti ndisunge. Ndikali nalo, sitampa yake yosadindidwa.